Sefa ya Kadzidzi

Kuntchito ankamutchula kuti Kadzidzi, ndipo ngakhale dzinali ankadana nalo, linamukakamira ngati chisoso pachitenje. Chifukwa chake chinali chakuti mayiyu sankaimbira munthu foni kuti amufunse wadzuka bwanji. Akaimba ndiye kuti kwinakwake makina akufa.

Kampaniyo inali yonyamula katundu wa anthu, malole ndi njinga zamoto zili balala m'misewu. Mbiri ya phukusi lililonse, kumene lachokera, kumene lili ndi kumene likupita, inkasungidwa m'makompyuta akuluakulu aja amawatcha maseva. Ena anali ku likulu, awiri anali ku depoti kumene malole ankapakira katundu. Seva ndi chinthu cholongolola kwambiri. Chilichonse chikaichitikira imalemba mzere: uje walowa, uje walakwitsa pasiwedi, disiki yadzaza, muno mwatentha. Mizere imeneyi ndiyo malogi. Kale wofuna kuwawerenga ankayenera kulowa m'seva iliyonse payokha, ndipo palibe ankadzivutitsa mpaka chinthu chitafa. Kadzidzi ndiye anakonza zoti maseva onse azitumiza malogi awo pa netiweki n'kudzathira mu kompyuta imodzi ya m'chipinda chake. Pakhoma anapachika sikirini yaikulu ya timabokosi, kabokosi kamodzi seva imodzi. Kukakhala bata, kabokosi kankakhala kobiriwira. Kukafika uthenga woopsa kankafiira, ndipo foni ya ntchito imene ankayenda nayo m'chikwama inkalira.

Chipinda chimenecho chinali chake ndithu, ndipo ankachinyadira. Ntchito ya m'menemo ndi imene inamupatsa mphamvu zonyamula mwana wake wamkazi, kuchoka m'nyumba ya mwamuna n'kukapeza pogona pawo awiri. Popanda ntchitoyo, njira imene achibale onse ankamulozera inali imodzi: kubwerera.

Ndiye tsiku lina m'mawa seva yoyamba ya ku depoti inafa. Malole anangoima m'bwalo, madalaivala atakhala pansi pa mthunzi wa matayala, chifukwa panalibe wodziwa kuti katundu uti akwere lole iti. Pakauntala makasitomala ankamenya matebulo. Koma pakhoma pa Kadzidzi, kabokosi ka seva yakufayo kanali biriwiri ngati msipu wa m'dzinja.

Bwana analowa osagogoda. Antchito ankawatchula kuti a Mwachidule, chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya maliro, ankaidula ndi mawu amenewo.

“Mayi, mwachidule, chikuchitika n'chiyani? Ku depoti akuti seva yafa, pano pakuti ili moyo. Wabodza ndani, anthu kapena khoma lanuli?”

“Ndikufufuza, bwana.”

“Fufuzani msanga. Masana ano tikumana momwe muno, ndipo wina atuluka pakhomopa osadzabwereranso.”

Panalibe chofufuza. Kadzidzi ankadziwa bwino chimene chinachitika, ndipo chimene chinamugwira si mantha ayi, unali mkwiyo.

Woyang'anira makina ku depoti anali mwamuna wake wakale, amene anzake ankamutchula kuti Mawaya. Munthuyu sankamenya ndipo sankaledzera, n'chifukwa chake anthu ankati mkaziyo wachita misala kumusiya. Koma anali munthu wosamva mawu akuti ayi. Ankafufuza m'foni ya mkazi wake, ankamudikira pageti, ankamufunsa kuti amaseka chiyani ndi mnzake uja. Atapatukana, anayamba kumuimbira foni kosalekeza. Kadzidzi anatseka nambala yake. Mwamunayo anabwera ndi nambala ina, nayonso Kadzidzi anaitseka. Kenako Mawaya anakumbukira kuti panali khomo limodzi limene mkaziyo sakanatha kulitseka.

Munthu aliyense wokhala ndi pasiwedi ya seva angathe kulemba mzere wakewake m'malogi. Amisiri amatero poyesa ngati mauthenga akufika. Komanso uthenga uliwonse umakhala ndi msinkhu wake, kuyambira wa macheza chabe mpaka wa nyumba ikupsa, ndipo wa pamwambawo ndi umene unkaliza foni. Tsiku lina Kadzidzi ali m'basi foni inalira, anaitulutsa akuganiza kuti kwapsa. Pa sikirini panalembedwa kuti: Ndakusowa, amake mwana.

Kuyambira pamenepo sanapumenso. Foni inkalira akusambitsa mwana, inkalira ali pamzere kuchipatala, inkalira atangoika chakudya pakamwa. Kuizimitsa sakanatha, poti ntchito yake inali yoti foniyo ikalira aziiyang'ana. Ndipo nthawi iliyonse ankayenera kuwerenga mpaka kumapeto kuti adziwe ngati ndi makina akudandaula kapena mwamuna. Anaika sefa yotaya mizere yokhala ndi mawu a Mawaya, iye anasintha mawu. Anasefa potengera dzina la wolemba, iye anayamba kuveka mauthenga ake dzina la disiki kapena la makina oziziritsa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo khoswe uyu anadziwa bwino pokhala.

Tsiku lina Kadzidzi anapita kwa bwana, foni ili m'manja. A Mwachidule anawerenga mizere iwiri n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Mayi a ofesi ya antchito, amene anali pomwepo ndi kapu ya tiyi, anaseka nawo n'kunena kuti, “Abale, akazi ena akupempherera mwamuna wotere.”

“Bwana, akugwiritsa ntchito makina a kampani pondizunza.”

“Mayi, za m'banja musamabwere nazo kuno. Mwachidule, inu ndinu katswiri, ingozimitsani zimenezo.”

Anabwerera m'chipinda chake makutu akulira ndi ukali, n'kulemba mzere umodzi mu sefa: chilichonse chochokera ku depoti, taya. Ankati ndi za masiku ochepa, mpaka munthuyo atatopa. Koma bata linamukomera. Anayambanso kugona, anayambanso kumva zimene mwana wake akumuuza. Khoma nalo linamunamiza, chifukwa kabokosi kankafiira pokhapokha uthenga woipa ukafika, ndipo ku depoti sikunkafikanso kanthu. Nyengo yozizira inatha, yotentha inabwera, sefa ili pomwepo. Disiki ya seva ija iyenera kuti inalira kwa milungu ndithu isanafe, koma inkalirira m'dzala.

M'mawa wa tsiku limene seva inafa, bwana atangotuluka, chitseko chinatseguka kachiwiri. Anali Mawaya, atavala shati yabwino imene mkaziyo anamugulira kale, ndipo zimenezonso zinamupsetsa mtima. Analowa n'kutseka chitseko pang'onopang'ono ngati wolowa m'chipinda cha wodwala.

“Tsegulani chitsekocho,” anatero Kadzidzi.

“Ndimvere kaye, amake mwana. Ndikudziwa zimene unachita. Unatseka depoti yonse, eti? Ndinazindikira kalekale utasiya kukwiya.”

“Munazindikira, koma simunasiye.”

“Zimenezo zisiye. Tamvera. Seva imangoponya uthenga, siifunsa ngati wafika. Zimene unataya zinatayika, palibe angazitole. Malogi amene anatsala m'seva afa ndi disiki. Ndiye ukangofufuta sefa yakoyo msonkhano usanayambe, palibe adzadziwe. Ine ndinena kuti ndinakhudza mawaya a netiweki ku depoti, mauthenga n'kusiya kutuluka. Mlandu wonse ndisenza ine.”

“N'chifukwa chiyani mungachite zimenezo?”

“Ukufunsanso? Ndiwe mkazi wanga. Ntchito ine ndikapeza ina, manja ndili nawo. Iwe khala pano udyetse mwana.” Anamwetulira kumwetulira kwake kuja kwa munthu wodzimvera chisoni. “Mwina tsopano udziwa amene amakukonda.”

Kadzidzi anamuyang'ana ndipo anaona njira yonse kutsogolo. Anaona apongozi ake akubwera kudzamuuza kuti mwana wawo anataya ntchito chifukwa cha iye. Anaona mkulu wake akumunong'oneza kuti mwamuna wotere sapezeka. Anaona Mawaya ataima pakhomo pake madzulo alionse, wopanda ntchito, wofatsa, chinsinsi chili m'thumba, akumufunsa ngati walowa kale m'nyumba kapena anali kuti. Uwu unali uthenga wina basi, wovekedwa dzina la chifundo, ndipo uwu sakanadzausefa mpaka imfa. Chimene chinamunyansa kwambiri n'chakuti mtima wake unayesedwa ndithu. Lendi inali yeniyeni, sukulu ya mwana inali yeniyeni, ndipo kufufuta mzere umodzi sikukanatenga nthawi.

“Tulukani,” anatero. “Tionana pamsonkhano.”

Masana anasonkhana anayi m'chipindamo: bwana, mayi a ofesi ya antchito, Mawaya ndi Kadzidzi. Mipando inali iwiri, ndiye amuna anaima. Kunja, cha ku depoti imene inali pafupi, kunkamveka mahutala a madalaivala otopa ndi kudikira.

“Chabwino,” anayamba a Mwachidule. “Mwayi wathu ndi woti zonse zimakoperedwa mu seva yachiwiri ya ku depoti, ndiye mbiri ya katundu ilipo. Koma tsiku lathunthu latayika. Ndikufuna kudziwa kuti n'chifukwa chiyani khoma ili silinatichenjeze.”

Mawaya anatsokomola n'kupinda manja kutsogolo ngati mwana wa kwaya. “Bwana, cholakwa ndi changa. Ndinkakonza mawaya miyezi yapitayo, ndipo ndikuganiza kuti ndinadula njira ya mauthenga osadziwa. Mayiwa alibe mlandu. Ngati pali woti achoke, ndichoke ine.”

Anamaliza akuyang'ana mkaziyo m'maso. Mayi a ofesi ya antchito anagwira pachifuwa n'kupuma mozama, ngati akuonera filimu yachikondi. Bwana anagwedeza mutu, ndipo zinkaoneka kuti yankho lalifupi lotere lawakomera.

“Ndi bodza,” anatero Kadzidzi.

Onse anacheuka.

“Netiweki ya ku depoti ili bwinobwino. Mauthenga akhala akufika pakhomo pano tsiku lililonse. Ndine ndinkawataya. Ndinaika sefa yotaya chilichonse chochokera ku depoti, ndipo ikadalipo, sindinaifufute.”

“Iwe, khala chete,” ananong'ona Mawaya.

“Musanditchule kuti iwe pantchito pano.”

Nkhope ya bwana inatupa. “Mayi, mukundiuza kuti munatseka maso a kampani dala? Mutu wanu ukuyenda?”

“Unkayenda bwino tsiku limene ndinabwera mu ofesi yanu ndi foni iyi. Munaseka. Amayi awa anaseka. Munati ndine katswiri, ndingozimitsa.”

“Ine sindikukumbukira zimenezo.”

Mayi a ofesi ya antchito anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo mosamala kwambiri.

“Komanso ngakhale ndikanatero,” anapitiriza bwana, mawu akukwera, “sindinanene kuti mutseke depoti yonse! Timauthenga tachikondi tingachititse munthu wamkulu ngati inu kuononga ntchito? Mukanangotinyalanyaza! Mwachidule, nonse awiri mwandinyansa. Wina wabodza, wina wosasamala. Pitani kunyumba, tidzakuitanani tikafuna. Siyani foni ya kampani pano.”

Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo la kudzaitanidwa kumeneko. Nkhope ya mwana wake inamudutsa Kadzidzi m'maso. Koma mkwiyo unali utadzaza kale, mantha anasowa pokhala. Anatulutsa foni m'chikwama n'kuiika m'dzanja la bwana, osati patebulo. Kenako anakokera kiyibodi pafupi.

“Ndisasiye ntchito yokhota,” anatero. “Ndichotse sefa yanga, kuti wobwera pambuyo panga apeze zonse zili poyera.”

Anafufuta mzere uja.

Mawaya anatambasula dzanja ngati agwire chinachake, koma zinali zitatha. Kabokosi ka seva yachiwiri kanasanduka psuu, ndipo foni inalira m'manja mwa bwana, kulira kwake kuja kobaya m'makutu kumene Kadzidzi anakusankha dala kuti munthu asakugonere. Bwana anadzidzimuka n'kuwerenga mokweza, poganiza kuti ndi chenjezo.

“Ukundizunza, amake mwana, koma Mulungu akuona.”

Zinapezeka kuti Mawaya, atatopa kulemba pamanja, anakonza kuti makina azitumiza okha mauthenga ake mosalekeza, ndipo kwa miyezi yonseyi anali asanawaimitse. Foni inaliranso bwana asanatsitse dzanja.

“Ndinakuona dzulo pamsika, unavala diresi yobiriwira. Unkaseka ndi ndani?”

Mayi a ofesi ya antchito sanapumenso mozama. Anayang'ana Mawaya, kenako pansi.

“Uthenga umenewo ndi wakale,” anatero Mawaya ndi mawu ochepa, ngati zimenezo zingathandize.

Bwana anayesa kuika foni patebulo, koma inaliranso.

“Werengani, bwana,” anatero Kadzidzi. “Musaunyalanyaze. Mwina uwu ndi wa ntchito.”

Unali wa mwamuna. Wotsatira unalinso wa mwamuna, wonena kuti mwana adzakula akudziwa amene anapasula banja. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa a Mwachidule. Foni italiranso anaiyang'ana ndi diso limodzi, chala chili kale pofufutira.

“Dikirani,” anatero Kadzidzi, maso ali pakhoma. “Uwo uwerengeni bwino.”

Bwana anawerenga pang'onopang'ono, akugwagwada ndi mawu a makina. Uthengawo unali wa disiki ya seva yachiwiri, wonena kuti mbali zina zalephera kuwerengeka.

“Zikutanthauza chiyani?”

“Maseva awiriwo anagulidwa tsiku limodzi. Yachiwiriyi ikudwala matenda omwe apha inzake. Ingafe mawa, ingafe tikulankhula pano, ndipo mbiri yonse ya katundu ili mmenemo mokha.” Anatembenukira kwa Mawaya. “Inu mumakhala nayo pafupi tsiku lililonse. Mukanatsegula malogi ake kamodzi kokha mukanaona. Koma inu malogi mumangolembamo, kuwerenga ayi.”

Foni inaliranso. Bwana anaifinya ngati aiphwanye, koma sakanatha kuileka osaiyang'ana, poti tsopano ankadziwa zimene zingakhalemo. Anayang'ana. Unali wofunsa ngati mkaziyo amagona bwino ali yekha.

“Iwe!” anakuwa bwana akuloza Mawaya, mpaka mahutala a kunja anakhala ngati achepa. “Zimitsa zonyansa zakozi! Pompano! Ukamaliza undipatse makiyi a ku depoti ndi chitupa chako, ndipo usadzakhudzenso makina a kampani ino!”

Mawaya anawerama pa kiyibodi. Analowa mu seva ya ku depoti, analemba mawu ochepa, n'kuimirira. Anaika makiyi patebulo. Foni inakhala chete.

Kadzidzi anayang'ana makiyiwo, anayang'ana bwana, ndipo misozi imene anaikaniza tsiku lonse inabwera, yotentha, ya ukali wokhawokha.

“Basi?” anafunsa. “Zinali zomwezo? Mawu amodzi a inu, bwana? Ine ndinakhala nayo foni imeneyo miyezi, ikulira ndikusambitsa mwana, ikulira ndili kuchipatala. Inu mwaigwira nthawi yosakwana kumwa kapu ya tiyi, ndipo mwapeza kale mankhwala.”

Mawaya anapita kuchitseko, ndipo atagwira chotsegulira anacheuka.

“Ine ndimafuna kukupulumutsa, amake mwana.”

“Mukanandikumbutsa zimenezo tsiku lililonse mpaka kumanda. Pitani bwino.”

Anatuluka. Pakhoma kabokosi kanali kakadali kofiira, ndipo mizere inkatsika umodziumodzi, yonse ya disiki yodwala. Bwana anaima pakati pa chipinda, foni ili m'manja ngati khala la moto.

“Mayi, tingathe kuzipulumutsa zimene zili mmenemo?”

“Zingatheke, wina akayamba kuzikopera kuno tsopano lino.”

“Ndiye khalani pansi muyambe.”

“Ndikhale ngati ndani? Mwandiuza kuti ndizipita kunyumba.”

A Mwachidule anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire kampaniyo mawu awo aja sanatuluke. Anayang'ana mayi a ofesi ya antchito, koma mayiwo anali atabwereranso ku zikhadabo zawo.

“Khalani ngati mwini chipinda chino,” anatero potsiriza. “Za sefa yanuyo tidzakambirana, chifukwa munalakwa ndithu.”

“Ndinalakwa, ndipo tidzakambirana. Tidzayambira tsiku limene munaseka.”

Anakhala pampando wake, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kuyamba kulemba. Mtima sunakhale m'malo, ndipo sanamve kukoma kulikonse kwa wopambana. Zala zinkamenya kiyibodi ngati yamulakwira. Bwana anasendera pafupi n'kumutambasulira foni ija mwaulemu, ndi manja awiri.

“Ayi, ikhale kwa inu mpaka ndimalize,” anatero Kadzidzi osacheuka. “Ikalira muziwerenga mokweza.”

Inalira nthawi yomweyo, ndipo bwana anawerenga.